Wopima Katundu ku Ikpiarjuk

Mlendo wa jekete lofiira anandifunsa dzulo,
akuuzira mpweya m'zikhatho:
kuchoka kuno kukafika ku Mittimatalik pandege
ndi mtunda wautali bwanji?
Ndinamuuza za papepala,
makilomita mazana awiri ndi makumi anayi, kapena chapompo,
ukamayeza monga aulukira khwangwala.
Analemba, anathokoza, ndinamupimira chikwama.

Sindinamuuze kuti khwangwala sagula tikiti.

Ife a matikiti timayamba tafulatira komwe tikupita.
Maola atatu kulowera kummwera,
kukagona ku Iqaluit pampando wapulasitiki
kapena kwa msuweni amene anatopa nafe kalekale,
ndiye m'mawa, kunja kukalola,
kubwereranso kumpoto konkuno
kukatera kuseri kwa mapiri omwewa
amene ndimawaona ndikamatsuka makapu.

Bambo anga ankayeza ndi tulo.
Agalu akakhuta, chileyi chikapepuka,
ankati ugona kanayi panjira.
Mphepo ikalusa, ugona mpaka iyo itatopa.
Sankadziwa kilomita, koma sanasocherepo.

Mwana wanga Leetia anakwatiwa tsidya limenelo.
Mu Ogasiti anabereka Ipeelie,
ine n'kumuona pagalasi la foni basi,
nkhope ikuduka-duka ngati madzi oundana akamasweka.
Ndinati, ndiyezere phazi lake.
Analigunditsa ndi bokosi la machesi n'kujambula.
Bokosi ndi theka.

Ndinasoka usiku, dzuwa litayamba kale kutithawa,
chikopa ndachifewetsa ndi mano monga ankachitira amayi,
ulusi wodutsa mosaboola kunja
kuti chinyezi chisapeze khomo.
Tinsapato tiwiri. Pasikelo yangayi
muvi sunafune n'komwe kusuntha.

Unali mwezi woipa uja,
nyanja italimba moti bwato silidutsa,
koma isanalimbe moti n'kusenza munthu.
Njira inatsala yakumwamba yokha.

Tsiku loyamba, nkhungu.
Lachiwiri, nkhungu.
Lachitatu tinaimva ndege ikulira pamwamba pa denga,
inazungulira kawiri ikufunafuna nyali zathu,
kenako phokoso linachepa, linachepa,
anthu n'kunyamulanso zikwama zawo osayankhula.
Lachisanu inatera, inatenga kaphukusi kanga.
Ku Iqaluit anakatsitsa, malo anapatsa mabokosi a mkaka.
Wina anawerenga chikwangwani molakwika,
kanakacheza ku Igloolik sabata yathunthu
kwa anthu amene sakundidziwa.

Masiku makumi awiri ndi atatu.

Leetia anaimba ndili pantchito.
Amayi, zafika. Koma ndiye n'zokongola.
Anakhala chete pang'ono, ndinamva mwana akuyamwa.
Zala zikulowa, anatero,
chidendene ndiye chikukana.

Tinaseka. Nanga tikanatani?
Akuti wazipachika pawindo ndi kachingwe,
mwanayo amaziyang'ana zikamazungulira.

Ndiye bambo wa jekete lofiira,
ngati mudzabwererenso kuno, fufutani zimene munalemba.
Mtunda wake ndi chidendene cha khanda,
kachidutswa kosakwana chala changa chaching'ono,
kamene ndege ziwiri ndi mafuta migolo ingapo
zinalephera kukapitirira.

Tsopano ndikudula zina.
Ndayeza mabokosi awiri, ndawonjezerapo nkhungu,
ndawonjezerapo Igloolik.
Jaypootie, mlamu wanga, akuti mu Epulo,
nyanja ikauma gwa, dzuwa litabwerera,
adzandikweza kumbuyo kwa njinga yake ya pachipale,
tidzadutsa njira ya agalu a bambo,
ndipo izi ndidzazisunga m'malaya, pamimba,
osazipereka kwa munthu aliyense wa yunifolomu,
ngakhale ineyo.

Wailesi yakhosomola kumene.
Ya lero yabwerera panjira, mphepo yachuluka.
Ndikafufute pabolodi,
ndiwauze a Qamaniq, amene akhala pakhomo kuyambira m'mawa
ndi nsomba zawo zouma ndi chisanu m'katoni,
kuti abwerenso Lolemba.